DOOKO NDI ULALO

Pa gombe la kumpoto la mtsinje wa Zambezi, m'dziko la Mozambique, kufupi ndi pamene Shire athira madzi ace m'Zambezi, pali malo dzina lace Chindio. Ana a sukulu ambiri a masiku ano sanalimvepo dzinali, ndipo munthu sangawadzudzule, pakuti palibe sitima imene ifikako. Koma kunali nthawi imene katundu wambiri wolowa ndi woturuka m'dziko la Nyasaland anali kugona pa Chindio, ndipo ngakhale fodya wa ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata, anali kudzera pomwepo pa ulendo wace wa kutsidya kwa nyanja ya mcere. Sitesheni imeneyi inagwira nchito zaka ngati 20 zokha. Siinafe ndi moto kapena ndi nkhondo, ndiponso anchito ace sanali aulesi. Cimene cinaipha ndi cinthu cabwino: anthu anamanga ulalo.

Mbiri yotere ibala funso loyenera kulingaliridwa ndi mnyamata kapena mtsikana ali yense amene watsiriza sukulu nayamba kufuna nchito. Funsolo ndi ili: munthu amene apeza cakudya cace pa bvuto la anzace, acite nalo ciani bvutolo? Alisunge, kapena athandize kulicotsa, podziwa kuti tsiku limene lidzatha mbale yace ingatsale yopanda kanthu? Nanga iwo amene apindula ndi kutha kwa bvutolo, kodi ali ndi mangawa kwa iye? Asanayankhe, wowerenga ayambe wamva m'mene Chindio anabadwira, pakuti kubadwa kwace ndiko kumene kumasulira imfa yace.

Pamene Azungu a misyoni ndi a malonda anayamba kukhala ku mapiri a Blantyre, mseu wao waukuru unali madzi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 zombo zinali kutula katundu pa Chinde, pa amodzi a mathiriro a Zambezi. Pamenepo tisitima ta pa mtsinje, toyendera moto wa nkhuni, tinali kumtenga, kukwera naye Zambezi, ndi kulowa m'Shire kufikira pamene madzi analola. Kucokera apo amtengatenga anali kusenza pamutu ndi kukwera nazo mapiri. Dooko lomveka masiku amenewo linali Chiromo, pamene Ruo akomana ndi Shire, ndipo amene anayamba kulingalira za njanji anaganiza zoti icokere pomwepo. Koma madzi a m'Shire anali kucepa caka ndi caka, cifukwa Nyanja ya Nyasa, imene iri mai wace wa Shire, inali kutsika. Pofika caka ca 1915 nyanjayo inatsika kotero kuti inaleka kuthira m'mtsinjemo. Mcenga ndi bango zinatseka pakamwa pace, ndipo zinakhala comweco zaka ngati 20.

Tsono dooko linayamba kuthawira kunsi, njanji iri kulilondola m'mbuyo. M'caka ca 1908 sitima ya pamtunda inali kuyenda pakati pa Blantyre ndi Port Herald, kumene tsopano ndi ku Nsanje, mtunda wa mamailosi 113. Sipanapite zaka zambiri, mcenga unatsekanso Port Herald miyezi yambiri ya pa caka. Eni malonda anaona kuti ayenera kuusiya Shire, nafike pa Zambezi peni-peni. Motero anayala njanji yina ya mamailosi 61 kulowa m'dziko la Apwitikizi, ndipo inatha pa nthawi imene nkhondo yaikuru ya 1914 inali kuyamba. Pamene njanjiyo inathera ndipo pa Chindio. Malowo sanasankhidwe cifukwa ca conde ca nthaka, kapena cifukwa ca mfumu yomveka. Linali dambo la udzudzu, losefukira madzi m'dzinja. Anasankhidwa cifukwa cimodzi cokha, ndico cakuti citsulo cinalekeza pamenepo ndi madzi akuya anayamba. Cuma conse ca Chindio cinali mpata umene njanji inalephera kulumpha.

Zaka zace za ulemerero zinayamba m'1922. M'caka cimeneco inatha njanji yocokera ku Dondo, kufupi ndi Beira, kufika pa Murraça, pa gombe la kumwera, popenyana ndi Chindio. M'caka comweco namondwe anasakaza Chinde, ndipo m'1923 Angerezi analisiya dooko lao la kumeneko. Kuyambira apo njanji ziwiri zinaima maso ndi maso, mtsinje waukuru uli pakati, ndipo kanthu kali konse kofuna kucoka m'ngolo za tsidya lino kunka m'ngolo za tsidya lija kanayenera kudzera m'manja a anthu. Fodya, tiyi ndi thonje zotsikira ku Beira, nsaru, mcere, palafini ndi zitsulo zokwera kumtunda, zonse anali kuzitsitsa m'ngolo, kuziika m'ngalawa zokokedwa ndi sitima ya pamadzi, kuolotsa, ndi kuzikwezanso m'ngolo zina. Apaulendo naonso anali kutsika ndi akatundu ao, nalinda.

Pali ponse pamene apaulendo acedwa, msika ubadwa. Onyamula katundu anapeza ndalama ya msonkho, odula nkhuni anagulitsa kwa eni sitima, asodzi anapeza ogula nsomba zao, ndipo akazi a m'midzi yoyandikana anapeza pogulitsira zophika. Nchito ya pa madzi inafuna luso losaphunzitsidwa m'sukulu iri yonse. Zambezi sakhala m'njira imodzi: m'cilimwe acepa nasiya mcenga poyera, kotero kuti ngalawa yolemera itsakamira pamene mwezi wathawo inadutsa bwino, m'dzinja adzaza, naswa magombe, nakokolola ngakhale njanji imene. Munthu wodziwa kuwerenga nkhope ya madzi, wozindikira ndi maso pamene pali pakuya ndi pamene mcenga wabisala, anali wofunika monga sing'anga pa nthawi ya mliri. Anthu otere anagwira nchito yoona, yolemetsa ndi yoopsya, ndipo cakudya cao anacidya ndi thukuta.

Komabe ndalama yolipira thukutalo siinagwe kumwamba. Tsiku liri lonse limene katundu anagona pa gombe, thumba liri lonse limene linanyowa kapena kung'ambika pokweza ndi potsitsa, zinali ndi mtengo, ndipo mtengowo unayenda ulendo wautali kufikira unapeza munthu wosatha kuukankhira kwa wina. Unapeza mlimi wa thonje wa ku cigwa ca Shire, amene analandira zocepa pa msika. Unapeza mai wa ku Fort Jameson, amene anagula nsaru ndi mcere mokwera mtengo, osadziwa konse kuti kuli malo dzina lace Chindio. Nsima ya wa pa dooko ndi misozi ya wa kutali zinali kuturuka mu mphika umodzi. Ici ndico cimene cilimbitsa funso lija, pakuti palibe woipa m'nkhaniyi amene munthu angamloze cala. Pali anthu abwino okha, amene phindu la mmodzi linali kutaya kwa mnzace.

M'zaka zoyamba za m'ma 1930 amisiri a kampani ya Cleveland Bridge, ya ku Darlington m'dziko la England, anamanga ulalo pa Zambezi. Sanaumange pa Chindio, koma kumtunda, mamailosi ngati 25, pakati pa Sena ndi Dona Ana kufupi ndi Mutarara, pamene anapeza malo oyenera maziko. Unali wopitirira mamailosi 2 m'litali mwace, ndipo pa nthawiyo panalibe ulalo wa njanji wautali wouposa m'Africa monse. Masitima anayamba kuolokapo kuciyambi kwa 1935, caka comwe njanji ya kumpoto inafika ku Salima. Ngolo yopakiridwa ku Limbe tsopano inafika ku Beira yosatsegulidwa, ndipo kuoloka kumene kunali kudya usiku wathunthu, kapena masiku, kunasanduka kanthu ka mphindi zowerengeka, kamene wapaulendo wogona tulo sanakazindikire.

Njanji inapatuka isanafike pa Chindio, niloza ku ulalo. Sipanafunike lamulo la kupitikitsa munthu. Kumene sitima ileka kufika, wogula aleka kufika. Kumene wogula aleka kufika, wophika azima moto wace. Luso la kuwerenga madzi, limene dzulo linali kudyetsa banja, linatsala m'mutu mwa mwini wace lopanda wolifuna. Akuru anati mlendo ndi mame, ndipo mudzi womangidwa pa mame suona dzuwa la masana.

Kodi tsono Chindio analakwiridwa? Alipo amene anganene kuti inde. Iwo ati: anthu awa anatumikira dziko pa nthawi imene panalibe wina wolitumikira, anamanga nyumba, nakwatira, nabala ana pokhulupirira nchito imene anapatsidwa, ndipo tsiku lina akuru okhala ku London, ku Lisbon ndi ku Zomba, amene sanasenzepo thumba, analemba dzina pa pepala, moyo wa mudzi wonse nuzima. Cinthu cimene cicitira munthu zotere, osamfunsa, cingachedwe bwanji cabwino? Mau awa sayenera kupeputsidwa. Munthu amene sanaonepo atate wace atabwera kunyumba ndi uthenga wakuti nchito yatha asafulumire kuwayankha.

Koma akayesedwa bwino, mauwo safika pamene afuna kufika. Sitesheni ikhalapo cifukwa ca ulendo, ulendo sukhalapo cifukwa ca sitesheni. Kusunga dooko la Chindio kukadatanthauza kulamula anthu zikwi zambiri, a m'maiko atatu, kuti apitirize kulipira msonkho wa kucedwa, kuti anthu owerengeka a pa gombe limodzi asasowe nchito. Palibe mfumu yolungama imene ingaweruze comweco. Ndiponso Chindio mwini wace sanabadwe ndi manja oyera. Nsima imene anadya anailanda kwa Port Herald, monga Port Herald anailanda kwa Chiromo, monganso njanji yonseyo inalanda kwa amtengatenga a m'mapiri, ndi Murraça kwa Chinde. Amene analowa m'nyumba cifukwa mnzace anaturutsidwamo sangadabwe tsiku limene citseko comweco cimtsegukira iye. Kutseka Chindio sikunali kulakwa.

Pamenepa ambiri alekeza, nayesa kuti mlandu watha. Koma watha theka lokha. Walira mvula walira matope, ndipo ulalo uja unadza ndi matope ace. Boma la Britain linaubvomereza pa nthawi imene mafakitale a zitsulo a kwao anali kusowa nchito, ndipo lamulo la 1929 lothandiza maiko olamulidwa ndi Britain linali ndi colinga coonekeratu ca kupezera anthu a ku Britain nchito. Zitsulo zinagulidwa kumeneko, koma ngongole ya njanji ndi ulalo inalemera pa Boma la Nyasaland zaka zambiri, ndiko kunena pa anthu okhoma msonkho, m'dziko losowa masukulu ndi zipatala. Cotero omwe anamasulidwa ku mtengo wa dooko anamangidwa ku mtengo wa ulalo. Ici cisonyeza kuti kunena kuti cinthu ciri ca citukuko sikutseka mlandu wace. Pafunikabe kufunsa kuti walipira ndani, wadya ndani, ndipo watsala panja ndani.

Wotsala panjayo ali ndi cace cimene ayenera kulandira. Sayenera kulandira dooko lace, pakuti limenelo silinali lace. Koma ayenera kuuzidwa nthawi ikalipo, ndi kutseguliridwa khomo la nchito yina. Phindu la ulalo ndi lalikuru ndipo ligawika kwa anthu osawerengeka, ali yense pang'ono. Kutaya kwa dooko kugwera anthu ocepa, ali yense zonse. Cilungamo cifuna kuti ambiriwo atapeko pang'ono pa phindu lao, apepuze ocepawo. Nkhaniyi si ya makedzana okha. M'mwezi wa May 2021 unatsegulidwa ulalo wa pa Kazungula, pakati pa Zambia ndi Botswana, pa Zambezi yemweyo, pamene magalimoto a katundu anali kulinda masiku ambiri kuti aoloke pa combo. Dziko lonse linakondwera, ndipo linayenera kukondwera. Koma mtundu wanzeru, pobvina tsiku lotere, ukumbukenso amene anali kudya pa mzere wa magalimotowo. Mnzako akapsya ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.

Imeneyo ndiyo mbali ya anthu ambiri. Yatsala mbali ya munthu mmodzi woima pa dooko, ndipo imeneyi ikhudza wocoka ku sukulu koposa zonse, cifukwa madooko ambiri a m'dziko alibe madzi. Zenera la pa Boma ndi dooko: tsidya lino kuli nkhalamba yofuna cikalata, tsidya lija kuli lamulo lolembedwa m'cinenero cimene iyo siidziwa, ndipo kalaliki ndiye bwato. Womasulira mau m'bwalo la milandu ndi bwato. Namwino, mlangizi wa zaulimi, mphunzitsi, onsewa aima pakati pa munthu ndi cinthu cimene munthuyo sangathe kucifikira yekha. Kale mnyamata wa Sitandade 4 anali kuwerengera mudzi wonse makalata ocokera ku migodi ya Kitwe, ya Wankie ndi ya Johannesburg; lero mdzukulu wace athandiza agogo kulandira ndalama zotumizidwa pa foni. Nchito yasintha maonekedwe, koma malo ace ndi omwewo. Maphunziro aika munthu pa dooko, ndipo malipiro ace, ndi ulemu wace womwe, zicokera ku mtsinje umene anzace alephera kuoloka.

Pamenepo ndipo pagona yeso. Munthu akazindikira kuti afunika cifukwa mtsinje ndi waukuru, mtima uyamba kumnong'oneza kuti aukuze. Kalaliki amene akadatha kutsiriza kalata lero auza munthu woyenda mamailosi 20 kuti abwere mawa, mawa lace nati mkuca, kufikira munthuyo azindikira yekha kuti nkhuku kapena ndalama ifupikitsa njira. Wina sapempha kanthu, koma abisa m'mene nchito iyendera, nayankha ndi Cingerezi cobvuta pamene Cinyanja cikadakwana, kuti anthu asaleke kumuopa. Mmisiri aphunzitsa mnyamata wace zonse kupatula cinthu cimodzi, kuti mnyamatayo asaime payekha. M'buku la Macitidwe a Atumwi muli mbiri ya wosula siliva wa ku Efeso, amene anautsa mzinda wonse kuti ukane ciphunzitso ca Paulo. Pakamwa pace panali ulemu wa mulungu wamkazi wa mzindawo, koma cimene cinamuwawa ndi malonda ace a tiakacisi ta siliva. Ndi m'mene acitira munthu wosunga bvuto: sanena konse kuti ateteza mimba yace, anena kuti ateteza mwambo, kapena lamulo, kapena dongosolo la nchito.

Apa pali kusiyana kwakukuru pakati pa anthu otere ndi amuna a pa Chindio. Amuna aja sanakumbe Zambezi. Anampeza alipo, namenyana naye tsiku ndi tsiku kuti katundu wa eni ace aoloke msanga ndi wouma. Kudya pa dooko si kulakwa, pakuti wanchito ayenera mphotho yace, ndipo pamene palibe ulalo wopalasa bwato ndiye mpulumutsi. Kulakwa kuyamba pamene wopalasayo atembenuka, naleka kumenyana ndi mtsinje, nayamba kugwirizana nao. Ndipo pali muyeso umene munthu angadziyese nao yekha, popanda woweruza. Adzifunse ngati amene wacoka pamaso pace lero wacoka wodziwa kanthu kamene kadzamcepetsera ulendo wa mawa, kapena wacoka womangika koposa kale kuti adzabwerenso kwa iye. Mphunzitsi wabwino akondwa tsiku limene mwana awerenga yekha. Namwino wabwino aphunzitsa mai kuphika madzi akumwa, ngakhale adziwa kuti potero mzere wa pa cipatala udzafupika. Nchito zonse zolemekezeka za utumiki ziri ndi cikhalidwe cimeneci, kuti zikacitidwa bwino zidzicepetsa zokha.

Wowerenga wina adzati: awa ndi mau okoma m'buku, koma nchito ndi yosowa, abale odalira malipiro amodzi ndi ambiri, ndipo ndi citsiru cokha cimene cingathandize kumanga ulalo woti ucilande nsima, fodya wako ndi amene ali pa mphuno. Kudandaula kumeneku kuli ndi coonadi, ndipo palibe amene angalonjeze kuti wokhulupirika sadzagona ndi njala. Ena agonadi nayo. Koma wodandaulayo aganiza kuti mtsinje uli m'manja mwace, kuti akausunga udzasungika. Mbiri ya njanji iyi ikana zimenezo. Palibe cimene a pa Chiromo akadacita kuti nyanja isatsike, ndipo palibe cimene a pa Chindio akadacita kuti zitsulo zisacoke ku England. Wosunga bvuto sapulumutsa dooko lace; angolicedwetsa pang'ono kufa, ndipo pa nthawi yocepayo agulitsa dzina lace. Tsiku la ulalo likafika, amene anali kuolotsa anthu mokhulupirika aturuka ndi luso ndi mbiri yabwino, zimene ziyenda naye kuli konse. Amene anali kukuza mtsinje aturuka ndi adani, ndipo palibe womlira.

Ngakhale ulalo umene sunakhale mfumu kosatha. M'caka ca 1970 dziko la Malawi linalumikiza njanji yace ndi ya ku Nacala, katundu wina nayamba kutembenukira kum'mawa. Pa nkhondo ya pa ciweniweni ya m'Mozambique masitima analeka kuyenda m'njira ya Sena, ndipo m'1986 ankhondo a Renamo anaphulitsa mbali ya ulalo wa Dona Ana. M'1995 unakonzedwa, koma kuti padziyenda magalimoto, ndipo unabwezedwa ku njanji m'2009, makamaka cifukwa ca malasha a ku Moatize. Pakati pa zaka zimenezo, m'1997, madzi osefukira anadula njanji pafupi ndi Chiromo, dooko loyamba lija, kotero kuti masitesheni a kumwera kwace anakhala zaka zambiri osamva kulira kwa sitima. Munthu akayang'ana zonsezi pamodzi aona kuti m'zaka zosakwana 100 malo ali onse a pa njirayi analawako ukuru, nalawakonso kusiyidwa. Amene aika moyo wace wonse pa kukhala pamalo pamene anthu sangamlambalale wamanga pa mcenga wa Zambezi, umene caka cino uli apa, caka ca mawa uli tsidya lija.

Catsala ndi kufunsa ngati nchito ya Chindio inapita pacabe, popeza malowo anaiwalika. Anthu azolowera kuyesa cinthu ndi kukhalitsa kwace, ndipo pa muyeso umenewo zaka 20 ndi kanthu kocepa. Koma nchito ya utumiki siisiya cizindikiro pamalo pamene inacitikira. Icisiya kumene anthu otumikiridwa anapita. Mankhwala amene anaoloka pa Chindio anaciritsa odwala ku Zomba ndi ku Fort Jameson. Mabuku ndi masileti amene anaoloka pamenepo anaphunzitsa ana amene pambuyo pace anaphunzitsa ena. Anyamata amene anaoloka kukafuna nchito kumwera anabwera ndi makasu, njinga ndi nzeru zatsopano. Zonsezi sizinafafanizidwe tsiku limene njanji inapatuka. Ndiponso ndi kucuruka kwa katundu woolotsedwa ndi manja kumene kunatsimikiza kuti pafunika ulalo, kotero kuti onyamula a pa Chindio anali pakati pa omanga ace, ngakhale sanagwire nyundo.

Cotero wocoka ku sukulu, polandira malo ace oyamba pa zenera, m'kalasi kapena m'sitolo, adziwe kuti waikidwa pa dooko, ndi kuti dookolo wabwerekedwa kwa kanthawi. Adye mphotho yace ndi mtima woyera, pakuti waigwirira nchito. Aphunzire luso loposa limodzi pamene dzuwa likali m'mwamba, pakuti cakudza siciyimba ng'oma. Akadzakhala pakati pa olamula, nadzafika pa kutseka dooko la wina, akumbuke kuti wotsalayo ali ndi ana. Koma koposa zonse asayese konse kukuza mtsinje. Masiku onse amene bwato liri m'manja mwace, munthu wofika pa gombe aolotsedwe tsiku lomwelo, katundu wace ali wouma.